Bokosi Tinyamula Anthu 6, Nanga Wodwala Timsiyiranji Mai Mmodzi?

Pamudzi pakagwa maliro palibe amene amafunsa kuti anyamule ndani. Adzukulu amalawira ndi makasu, azimai amatunga madzi ndi kusonkha moto, a mphakati amafika ndi mapoto akulu-akulu amene anagula ndi ndalama zosonkha. Ikakwana nthawi yopita kumanda, amuna 6 amagwira bokosi, ena ali pambuyo kuyembekezera kulandira anzao akatopa. Mwambo umenewu ndi wabwino, ndipo sitifuna kuti uthe. Koma lero tifuna kufunsa funso limodzi. Munthu yemweyo, pa miyezi kapena zaka zimene anali cigonere asanatisiye, anali kumunyamula ndani?

Yankho tilidziwa tonse. Anali mai mmodzi: mkazi wace, mwana wace wamkazi, kapena mdzukulu amene analeka sukulu. Mai ameneyu ndiye anali kumucotsa pa bedi m'mawa, kumukhazika pa ndowa, kumusambika, kumuturutsa kuti aothere dzuwa, ndi kumubwezeranso pa bedi madzulo. Kanai, kasanu, mwina koposa, tsiku ndi tsiku, popanda womulandira.

Ganizo lathu ndi ili. Munthu mmodzi akamanyamula yekha wodwala wopuwala ndi manja, amabvulala ndi anthu awiri: wonyamula ndi wonyamulidwa. Zipangizo zothandiza pa nchito imeneyi zilipo, maka-maka nsalu yonyamulira odwala pamodzi ndi makina ace. Tikhulupirira kuti yafika nthawi yakuti maparishi, mipingo ndi magulu a alimi akhale nazo zipangizozi ndi kuphunzira kagwiritsidwe kace, monga momwe tili ndi mapoto a pamaliro, ngolo ndi sikelo ya kopaletivu.

Odwala athu asintha

Dziko lathu lili ndi mbiri yabwino pa nkhani yosamalira odwala kunyumba. Cipatala ca Chikankata, ca a Salvation Army ku cigawo ca Kum'mwera, cinayamba nchito yoyendera odwala Edzi m'makomo mu 1987, ndipo maiko ena anabwera kudzaphunzira. Madayosizi ndi mipingo ina anatsatira, ndipo azimai ambiri odzipereka anayenda mitunda ndi sopo, magolovesi ndi phala. Pamene mankhwala a ARV anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma mu 2005, anthu ambiri amene tinali titawataya mtima anadzuka nabwerera kumunda.

Lero amene agona m'nyumba zathu ndi ena. Ndi atate amene anagwa ndi sitoloko kaamba ka BP. Ndi amai amene anadulidwa mwendo cifukwa ca shuga. Ndi mnyamata amene anathyoka msana pa ngozi ya njinga yamoto, ndi agogo amene anaterereka nathyoka ciuno. Kafuku-fuku wa boma wa STEPS wa 2017 anapeza kuti pafupi-fupi munthu wamkulu mmodzi mwa 5 alionse m'Zambia ali ndi BP yokwera, ndipo BP ndiyo njira yaikulu yopita ku sitoloko.

Odwala amenewa asiyana ndi a kale aja. Ambiri sanaonde, thupi lao ndi lolemera ndithu. Ndiponso akasamalidwa bwino angakhale ndi moyo zaka 5, 10 kapena kuposa. Tsono nchito yonyamula siikhala ya mwezi umodzi ai. Cifundo tili naco ca kale comwe, koma luso ndi zipangizo zathu zatsalira.

Msana si citsulo

Alimi anzathu, thumba la feteleza kapena la cimanga ndi makilogalamu 50. Mulidziwa kulemera kwace, ndipo wanzeru amaitana mnzace pokweza pa ngolo. Munthu wamkulu wodwala angalemere makilogalamu 60, 70 kapena 80. Kuonjezera apo, thumba lili ndi makona ogwira, silicita mantha, silikugwira m'khosi, silikomoka mwadzidzidzi uli pakati pa njira. Munthu amacita zonsezi.

Bungwe la boma la America loona za umoyo wa anchito, lochedwa NIOSH, linaika malire akuti katundu wonyamula ndi manja asapitirire makilogalamu 23, ndipo apo ndi pamene zonse zili bwino: katundu ali pafupi ndi thupi, ali ndi pogwira, wonyamula saweramira pansi. Mu 2007 katswiri wa bungwe lomwelo, Thomas Waters, anawerengera za anamwino onyamula odwala napeza kuti malire ao ndi makilogalamu 16 cabe. Taganizani: cigubu ca madzi ca malita 20 cilemera makilogalamu 20. Ndiye kuti malire a namwino wophunzira safika ngakhale pa cigubu cimodzi, pamene ife tiyembekezera mai mmodzi kunyamula zigubu zitatu kapena zinai nthawi imodzi.

Wina anganene kuti azimai athu ndi olimba, amasenza ndowa ndi mitolo ya nkhuni kuyambira ali ana. Ndi zoona. Koma posenza pamutu msana umakhala woongoka, katundu ali pamwamba peni-peni. Ponyamula wodwala pa bedi lalifupi kapena pa mphasa, munthu amawerama, amatambasula manja kutali, kenaka amapotoka ndi katunduyo. Pakati pa mafupa a msana pali tinthu tofewa tonga mphira timene tichinjiriza mafupa kuti asakhulane. Kuwerama ndi kupotoka uli ndi katundu wolemera ndiko kumafinya ndi kung'amba tinthu timeneti. Kawiri-kawiri sizicitika tsiku limodzi. Zimayamba ndi kuwawa pang'ono m'ciuno, kenaka ululu wotsikira ku mwendo, mpaka tsiku lina munthu alephera kudzuka.

Tsono pakhomo pakhala odwala awiri. Ngati zacitika mu Novembala kapena Disembala, munda umagona wosabzala kapena wosapalira, ndipo njala ya caka camawa yayambira pomwepo. Nkhani ya msana wa wosamalira wodwala ndi nkhani ya nkhokwe.

Naye wodwala amapwetekeka

Kanyamulidwe kamene kazolowereka ndi kopisa manja m'khwapa mwa wodwala ndi kukoka. Ku Britain bungwe la anamwino la Royal College of Nursing linatsutsa kanyamulidwe kameneka mu 1981, ndipo mu 1992 dzikolo linaika lamulo lokakamiza olemba nchito kucepetsa kunyamula zolemera ndi manja. Ana athu amene agwira nchito yosamalira okalamba kumeneko angakuuzeni kuti munthu saloledwa kunyamula wodwala asanaphunzitsidwe.

Cifukwa cace ndi comveka. Dzanja limene lagwidwa ndi sitoloko lilibe minofu yamphamvu yosunga phewa pamalo pace. Mukakoka m'khwapa kapena pa mkono, fupa limatsika pa mfundo yace, ndipo wodwala amatsala ndi ululu wa miyezi yambiri. Ena sitoloko inawatseka pakamwa, sangathe kunena kuti mukundipweteka. Amangolira kapena kukana kugwidwa, ife n'kumati adwala nkhanza.

Kukokera munthu pa mphasa kapena pa matiresi kumasupula khungu la pamatako ndi pa zidendene, ndipo pamenepo ndi pamene zimayambira zilonda za pogona. Wonyamula akaterereka, onse awiri amagwa, ndipo fupa la wokalamba silicedwa kuthyoka. Koma coipa koposa ndi ici: kunyamula kukabvuta, banja limangoleka. Wodwala amasiyidwa cigonere m'cipinda ca mdima. Zilonda zimakula, cifuwa cimadzaza, miyendo imakhwinyata, ndipo munthu amene anali kuweruza milandu pabwalo samvanso ngakhale moni wa odutsa. Acipatala amalangiza kuti wosatha kudzitembenuza atembenuzidwe pafupi-fupi maola awiri alionse. Ndani angakwanitse zimenezi yekha usana ndi usiku?

Nsalu yonyamulira ndi makina ace

Cipangizo cimene tikunena cili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi nsalu yolimba kwambiri imene acipatala amaichula kuti sling. Inasokedwa mwakuti imagwira msana wonse, ndipo kumunsi ili ndi miyendo iwiri yopita pansi pa nchafu. Kumakona kwace kuli malamba okolowekera, ndipo lamba lililonse lili ndi maso angapo a mitundu yosiyana, kuti mutalikitse kapena kufupikitsa. Mbali yaciwiri ndi makina ochedwa hoist: cimtengo cacitsulo coima pa miyendo iwiri ya mawilo, cokhala ndi mkono umene umakwera ndi kutsika. Ena amayendera batire, koma amene atiyenera ife ndi opopa ndi dzanja, amene agwira nchito monga jeke wa galimoto. Safuna magetsi, ndipo tonse tikumbukira mdima wa 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba.

Kagwiritsidwe kace ayenera kukuonetsani ndi maso namwino kapena katswiri wolimbitsa ziwalo, amene tizolowera kumuchula kuti wa fizio. Pepala silingalowe m'malo mwa phunziro limenelo. Koma tilembe mitu yace kuti muone kuti si zamatsenga, ndiponso kuti ophunzira akhale ndi pokumbukira. Titenge citsanzo ca kucotsa wodwala pa mpando wa mawilo kumuika pa bedi.

Coyamba, mukhale anthu awiri, ndipo muuzeni wodwala zimene mufuna kucita. Ngakhale salankhula, amamva. Cotsani mphasa, nsapato, ndowa ndi ana panjira. Mangani mabuleki a mpando.

Caciwiri, yang'anani nsalu musanaigwiritse nchito, tsiku lililonse. Onani ulusi wa pa malamba, onani ngati pali pong'ambika kapena popyapyala. Pa nsalu ndi pa makina pamalembedwa kulemera kumene zingathe kunyamula. Makina ambiri amafika makilogalamu 150 kapena kuposa, koma werengani nambala ya anu. Nsalu ikhale ya msinkhu wa wodwalayo: yaikulu kwambiri angapulumukemo n'kugwa, yaing'ono imamufinya.

Cacitatu, mmodzi aweramitse wodwala kutsogolo pang'ono atamugwira bwino, wina atsitse nsalu kumsana mpaka ifike pamene pathera msana, ili pakati-kati. Kenaka pisani miyendo ya nsalu pansi pa nchafu iliyonse, muiyale bwino isapindike, cifukwa khwinya limaceka khungu. Pa nsalu zambiri malamba a kumiyendo amapingasitsidwa, lina kulowa mwa linzace, kuti miyendo isatanyuke.

Cacinai, tambasulani miyendo ya makina kuti aime nji, muwasendeze pang'ono-pang'ono, wina atagwira citsulo cokolowekapo kuti cisamenye wodwala kumaso. Kolowekani malamba onse. Mtundu umene mwasankha kumanja ukhale womwewo kumanzere. Kuti munthu akwere ali cikhalire, malamba a kumapewa amakhala aafupi, a kumiyendo aatali.

Cacisanu, popani mpaka malamba akungike, ndipo imani. Apa ndi pamene ngozi zambiri zimapewedwa. Yang'ananinso lamba lililonse ngati lakhala bwino pa ngowe yace, funsani wodwala ngati pali pomuwawa, onani kuti manja ace ali m'kati ndipo dzanja lofooka lagona pamiyendo. Mukakhutira, pitirizani kupopa mpaka angocoka pa mpando. Palibe cifukwa comukwezera m'mwamba ngati mbendera. Dziwaninso kuti pa makina ambiri mabuleki a makinawo samangidwa pokweza ndi potsitsa, kuti azitha kudzisuntha okha pang'ono ndi kulunjika pa kulemera kwa munthu. Tsatirani zimene linena buku la makina anu.

Cacisanu ndi cimodzi, kankhani makina pogwira zogwirira zace, mwakacetecete, mnzanu atagwira maondo a wodwala kuti asalendewere uku ndi uku. Miyendo ya makina ilowe pansi pa bedi. Mutembenuzeni kuti mutu uloze ku pilo, ndipo tsegulani kotsitsira pang'ono-pang'ono mpaka agone pakati pa bedi. Musamasule malamba kufikira thupi lonse litakhazikika ndipo malamba alefuka.

Cotsiriza, cotsani nsalu pomutembenuzira mbali ina, kupinda nsalu, ndi kumutembenuzira mbali inayo. Osaisolola mokoka. Musamusiye atagonera nsalu, pokhapo ngati ndi ya mtundu umene unapangidwira zimenezo.

Pali malamulo ena osafunika kukambirana. Wodwala asasiyidwe yekha ali lende, ngakhale mphindi imodzi. Makina si ngolo yoyendera pabwalo, ndi ocokera pa mpando kufika pa bedi basi. Ana asasewerepo. Nsalu icapidwe monga mwalembedwera, popanda Jik, isasitidwe, isayanikidwe pamoto. Ikang'ambika musapite nayo kwa telala, itayeni. Wodwala aliyense akhale ndi nsalu yace. Nsalu ndi makina zikhale zogwirizana, pakuti zina zimakolowekedwa ndi malamba, zina ndi zomatula, ndipo kusakaniza ndiko kugwetsa munthu. Ku Britain lamulo la 1998 lifuna kuti zipangizo zonyamulira anthu ziziyesedwa ndi katswiri miyezi 6 iliyonse. Nafenso tingatengerepo.

Tinenenso kuti si wodwala aliyense afunika makina. Amene angathe kuima ndi mwendo umodzi alimbikitsidwe kutero, cifukwa mwendo wosagwira nchito umafota. Ameneyo amathandizidwa ndi lamba la m'ciuno logwirira, kapena thabwa losalala lolumikiza mpando ndi bedi, ndipo mpando uikidwe ku mbali yace yamphamvu. Ndipo amene wangothyoka kumene msana kapena wangocitidwa opaleshoni ya ciuno asaikidwe pa nsalu popanda cilolezo ca dotolo. Safunsa anadya phula.

Kodi si kunyoza munthu?

Tidziwa mau amene adzamveka: ife sitingapacike atate athu ngati thumba la thonje pa sikelo, cikondi ndi manja. Mau amenewa acokera mu mtima wabwino, ndipo tiwalemekeza. Koma tiyeni tiwayese.

Ulemu uli pati pamene bambo wa zaka 70 akokedwa m'khwapa, buluku likubvuka, mkazi wace akubuula, iye akumva kuti wasanduka mtolo? Odwala ambiri amaleka kupempha kupita kucimbudzi, ena amacepetsa kumwa madzi, kuopa kubvutitsa. Ndiponso mwambo wathu womwe uli ndi malire. Mpongozi sakumbatira apongozi ace, mwana wamwamuna amacita manyazi kufungatira amai ace. Nsalu imalola anthu amenewa kuthandiza popanda kuphwanya mwambo, wodwala ali wobvala bwino, manja a womuthandiza ali omasuka kumugwira paphewa ndi kumulimbitsa mtima.

Nzeru yonyamula munthu pa nsalu si yacilendo kwa ife. Makolo athu anadziwa macila: nsalu yolimba pa mtengo, onyamula akulandizana. M'nthawi ya atsamunda ananyamulapo azungu a boma mitunda yaitali, ndipo kufikira lero kumene ambulansi siifika timamanga macila kupita ndi wodwala ku kiliniki. Akhristu akumbukira nkhani ya pa Marko mutu 2, ya munthu wofa ziwalo amene anafika kwa Ambuye ali pa mphasa yace. Omunyamula anali anai, osati mmodzi. Ndipo makina amene tikunenawa, amene ku America ambiri amangowachula kuti Hoyer, anachedwa dzina la Ted Hoyer wa ku Oshkosh m'cigawo ca Wisconsin, munthu amene iye mwini anapuwala pa ngozi ya galimoto. Anawakonza pamodzi ndi msuweni wace kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Nzeruyi inacokera kwa wonyamulidwa, osati kwa anthu otopa ndi wodwala.

Nanga ndalama, nanga nyumba zathu?

Apa tisanamizane. Makina amenewa amagulidwa ndi masauzande a makwaca, ndipo banja la mlimi wamba silingakwanitse palokha. Ndi cifukwa cace tikunena za gulu. Si mlimi aliyense ali ndi ng'ombe ndi ngolo, koma cimanga ca mudzi wonse cimafika kunyumba. Parishi imene imatha kusonkha za yunifomu ya kwaya, za simenti ya mpanda ndi za phwando la alendo, ingathe kugula makina amodzi ndi nsalu za misinkhu itatu, n'kumabwereketsa kwa banja limene lili pa bvuto lalikulu, zonse zolembedwa m'buku. Mutu umodzi susenza denga.

Iliponso njira ya boma. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse, ndipo zopempha zimayambira ku makomiti a citukuko a m'mawodi. Timapempha milatho, zitsime ndi madesiki, ndipo ndi zofunika. Tiyeni tipemphenso kuti kiliniki iliyonse ikhale ndi kacipinda ka zipangizo zobwereketsa: mipando ya mawilo, ndodo, mabedi, matiresi ndi makina onyamulira. Lamulo la anthu olemala la 2012 lilipo, bungwe la ZAPD lilipo. Munthu wopuwala ndi sitoloko naye ndi wolemala, ndipo banja lace limulembetse ndi kufunsa ku ofesi ya zacitukuko ca anthu za thandizo la Social Cash Transfer.

Bvuto laciwiri ndi nyumba. Mawilo a makina ndi aang'ono, safuna pansi pa mabampu kapena pa dothi lofewa. Miyendo yace ifuna mpata pansi pa bedi, ndipo citseko cikhale cotakata. Tsono gulu likabwereketsa makina, liyambe layendera nyumbayo. Nthawi zina cofunika ndi matumba ocepa a simenti oti asalaze cipinda cimodzi, ndi kalipentala wokhoma bedi lolimba la miyendo. Imeneyi ndi nchito ya Ciweru cimodzi kwa amuna a mphakati. Bedi lokwera bwino limapulumutsanso msana posambika ndi posintha zofunda.

Kumene makina sangafike, tisakhale manja lende. Yalani nsalu yolimba yopinda pawiri, kapena zitenge ziwiri zatsopano, pansi pa wodwala kucokera m'mapewa kufika m'nchafu. Pomutembenuza kapena pomusendeza kumutu kwa bedi, anthu awiri aime uku ndi uku, akulunge m'mphepete mwa nsalu kufika pafupi ndi thupi, apinde maondo, msana uli woongoka, mmodzi awerenge kuti onse ayambire pamodzi. Pomucotsa pansi kapena pomusamutsa wathunthu pafunika anthu anai, wina wosamala mutu. Ndiye kuti pafunika ndandanda: ndani abwera m'mawa, ndani madzulo.

Koma ticenjeze mwamphamvu. Musamange citenge, thumba la feteleza kapena neti ya udzudzu ku mtanda wa denga kuti mukwezerepo munthu. Mtanda wodyedwa ndi ciswe suoneka kunja, ndipo citenge cimang'ambika osacenjeza. Tidziwa kuti amisiri athu owocerera ndi aluso, amapanga ngolo ndi zigayo, ndipo a Disacare ku Lusaka anaonetsa kuyambira m'zaka za m'ma 1990 kuti mipando ya mawilo ingapangidwe konkuno. Tikhumba makoleji a zaumisiri atagwirizana ndi a fizio kupanga makina otere m'dziko muno, oyesedwa bwino ndi zolemera asanakwerepo munthu. Koma kuyesera pa agogo ai.

Pempho lathu

Kwa akulu a zipatala, kuyambira UTH, Chipata Central, St Francis ku Katete mpaka zipatala za m'maboma: wodwala wopuwala asaturutsidwe ndi mapilitsi ndi tsiku lobwerera cabe. Acibale awiri kapena atatu aonetsedwe kanyamulidwe ndi katembenuzidwe, ayese okha pamaso pa namwino, ndipo mmodzi mwa iwo akhale mwamuna. Tipemphanso a fizio kuti azifika ku makiliniki a kumidzi kudzaphunzitsa odzipereka. Tsiku limodzi la phunziro lingapulumutse misana ya mudzi wonse.

Kwa makhonsolo a maparishi, akulu a mipingo ndi manyakwawa: yambani ndi kuwerenga. Ndi nyumba zingati m'dera lanu muli munthu wosatha kudzuka yekha? Amamunyamula ndani? Ali ndi zaka zingati womunyamulayo, ndipo msana wace uli bwanji? Mudzadabwa ndi zimene mudzapeza kuseri kwa zitseko zimene mumadutsa tsiku ndi tsiku.

Kwa ife amuna: kuona wodwala si kukhala pa mpando panja, kufunsa kuti agona bwanji, ndi kusiya K20. Mphamvu zimene timaonetsa pokweza matumba pa lole zifunika m'cipinda muja 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Palibe mwambo umene uletsa mwamuna kunyamula mbale wace. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe, ndipo BP siyang'ana kuti uyu ndi wa mabuku kapena wa khasu.

Kwa ana athu a ku Lusaka, ku Migodi, ku Johannesburg ndi ku London: mumatumiza ndalama za mankhwala ndi mafoni, zikomo. Funsaninso kuti amai amene asunga atate akuwanyamula bwanji. Mukafuna kutumiza cipangizo, yambani mwafunsa wa fizio za msinkhu ndi mtundu, tumizani nsalu ndi makina zogwirizana pamodzi ndi buku lace, ndipo pewani nsalu zakale zimene malemba ace anafufutika.

Kwa inu amai amene mukunyamula nokha: kupempha thandizo si kutopa ndi mwamuna wanu, ndipo si kuphwanya malonjezo a ukwati. Msana ukayamba kuwawa, maka-maka ululu ukatsikira ku mwendo kapena phazi likacita dzanzi, pitani ku kiliniki msanga. Mukagona inu, wodwala wanu atsala ndi yani?

Nthawi yabwino yoyambira ndi pamene tagulitsa cimanga, soya, nshawa ndi thonje, ndalama zisanathere ku zina. Pa msonkhano woyamba wa mphakati kapena wa kopaletivu pambuyo pa malonda, nkhaniyi ilembedwe pa ndandanda ya zokambirana. Musankhe anthu anai, amuna awiri ndi akazi awiri, oti akaphunzire ku cipatala. Mutsegule thumba la zipangizo, ngakhale liyambe ndi tini imodzi ya cimanga pa banja. Ndipo pomwe ndalama zikusonkhedwa, ndandanda ya onyamula iyambe sabata lomwelo, pakuti imeneyo siifuna ngwee ngakhale imodzi.